Pamaliro tisathamangire kuyankhira Mulungu

Pali funso limodzi lomwe silisowa pasiwa. Ena amalifunsa mokuwa uku akudzigwetsa pansi, ena amangolisunga mumtima atakhala duu pakona, koma funsolo ndi lomwelo: chifukwa chiyani? Chifukwa chiyani wapita mwana, ine nkhalamba n'kutsala? Chifukwa chiyani lero, pamene nyumba tangofika nayo pamawindo? Chifukwa chiyani ife, amene sitijomba kutchalitchi ndipo chakhumi timapereka?

Sabata ino ndati tikambirane za funso limeneli, ndi za chitonthozo chimene chikhulupiriro cha Chikhristu chimapereka kwa munthu amene zamuthina. Ine ndine Mkhristu, ndipo maliro amene ndagonapo ndi ochuluka moti sindingawawerenge. Chomwe ndaona m'zaka zonsezi n'chakuti ife okhulupirira timatonthoza bwino ndi miyendo ndi manja athu, koma ndi pakamwa pathu timapweteka anamfedwa kawirikawiri. Timathamangira kumuyankhira Mulungu pa zinthu zimene Iye mwini adasankha kusaziyankha.

Tiyeni tibwerere ku mwezi wa Malichi 2023. Namondwe wa Freddy, amene bungwe la World Meteorological Organization lidatsimikiza kuti adatha masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene adalembedwapo, adafika m'chigawo cha kummwera ndi mvula yosalekeza. Matope ndi miyala zidagumuka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu madzi adakokolola nyumba, minda ndi milatho. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 600,000 adasowa pogona n'kukabisala m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo boma lidalamula masiku 14 olira maliro. Mabanja ena mpaka lero alibe manda oti akalimire, poti matupi a abale awo sadapezeke.

Matope asanaume n'komwe, mayankho adali atayamba kale kuuluka. M'minibasi, pamsika, pa WhatsApp, ngakhale paguwa penipeni, tidamva kuti Mulungu wakwiya ndi dziko la Malawi, kuti machimo a m'tauni achuluka, kuti ichi ndi chikwapu chotiwongola. Ine ndinkangodzifunsa: makanda amene adakokoloka ali kumsana kwa amayi awo adachimwa chiyani? Nanga anzathu a kumayadi, amene nyumba zawo ndi za simenti ndipo zili pamalo abwino, ndiye kuti iwo ndiwo oyera mtima? Chikwapu chake n'chotani chomwe chimasankha amphawi okhaokha, amene adamanga m'mbali mwa phiri chifukwa chosowa ndalama ya poloti yabwino?

Ndimamvetsa chomwe chimatikankha. Bata la pamaliro limaopsa, ndipo munthu akakhala moyang'anizana ndi mayi wolira amaona ngati ayenera kunena kanthu. Palinso china chobisika: tikapeza chifukwa chimene tsoka lagwera mnzathu, mtima umakhala pansi poganiza kuti ife silitigwera, bola tipewe zomwe iye adachita. Koma akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Choopsa cha yankho lofulumira n'chakuti limafuna munthu womuloza chala. Ngati si womwalirayo kapena banja lake amene adalakwa, ndiye kuti alipo amene walodza. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, agogo anayi a banja limodzi adaphedwa ndi anthu amene ankawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wina. Maliro amodzi adasanduka asanu. Lamulo la dziko lino lokhudza za ufiti, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe nkhani za okalamba omenyedwa kumanda sizikutha m'nyuzipepala. Ndipo tisanamizane, ambiri mwa otola miyalawo Lamulungu likafika amakhala atavala bwino m'tchalitchi.

Chodabwitsa n'chakuti Yesu, amene timati tikumutsata, adakana kaganizidwe kameneka poyera. Mu Luka mutu 13 anthu adamuuza za Agalileya amene Pilato adawapha ali mkati mopereka nsembe. Iye adawonjezapo nkhani ya nsanja ya ku Siloamu yomwe idagwa n'kupha anthu 18. Adafunsa omverawo ngati akuganiza kuti ophedwawo adali ochimwa kuposa anzawo, ndipo adayankha yekha kwamtuwagalu kuti ayi. Adasiya za akufa n'kutembenukira amoyo, kuti aliyense ayang'ane moyo wake. Mu Yohane mutu 9 ophunzira ake adaona munthu wobadwa wosaona n'kufunsa kuti wochimwa ndani pakati pa iye ndi makolo ake. Yesu adakana zonse ziwiri, n'kumuchiritsa munthuyo. Ophunzira ankafuna kukambirana za munthu uja, pamene Yesu ankafuna kumuthandiza.

Koma buku limene ndikadakonda mlaliki aliyense ataliwerenga lonse asanaime pamaliro ndi la Yobu. Ambiri timadziwa mitu iwiri yoyamba ndi womaliza, pamene bukulo lili ndi mitu 42. Yobu adali munthu wolungama. Tsiku limodzi adataya ng'ombe, abulu, nkhosa, ngamira ndi antchito. Kenaka mphepo yamkuntho idawomba nyumba imene munali ana ake khumi, nyumbayo n'kuwagwera onse. Munthu wa ku Chilobwe safunika womumasulira ndime imeneyi. Pambuyo pake thupi lake lidatuluka zilonda kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, atamva za tsokalo adanyamuka kukamuona. Atafika adalira, adang'amba zovala zawo, nakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osalankhula kanthu. Mpaka pamenepa adali otonthoza abwino, ngati mmene timachitira ife pochezera pasiwa. Zinthu zidasokonekera pamene Yobu adatsegula pakamwa n'kutemberera tsiku limene adabadwa. Anzake aja sadathe kupirira mawu a munthu wosweka mtima. Adayamba kuteteza Mulungu. Mitu yambirimbiri akumuumiriza Yobu kuti aulule tchimo lobisika, poti m'maganizo mwawo munthu wosalakwa sangavutike chotero. Bilidadi adafika ponena kuti mwina ana akewo adafa chifukwa cha zolakwa zawo. Tangoganizani kumuuza zimenezo bambo amene wangoika ana khumi m'manda.

Mulungu atayamba kulankhula m'mutu 38, sadamufotokozere Yobu chifukwa cha mavuto ake. Adamufunsa mafunso a za nyanja, nyenyezi, mvula ndi nyama zakutchire, kumuonetsa kuti dziko ndi lalikulu kuposa nzeru za munthu ndipo lili ndi mwini wake amene sagona. Kenaka m'mutu 42 mukubwera chigamulo chomwe sindimachimva kawirikawiri pamaliro. Mulungu adakwiyira Elifazi ndi anzake awiri chifukwa sadanene zoona za Iye, ndipo adati amene adanena zoona ndi Yobu, yemwe uja ankadandaula, kufunsa ndi kutsutsa. Anthu atatu amene adali ndi mayankho okonzakonza adafunika kuti Yobu awapempherere.

Tsono ngati chikhulupiriro sichipereka chifukwa, chimapereka chiyani?

Choyamba, chimapatsa munthu ufulu wolira pamaso pa Mulungu popanda kudzikongoletsa. Mwa Masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo: anthu akufunsa Mulungu kuti ali kuti, wawaiwaliranji, achedwa mpaka liti. Salimo 88 limathera mumdima, popanda mawu okoma omalizira, komabe lidasungidwa m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Izi zikundiuza kuti mayi amene akufuula pasiwa kuti "Mulungu mwandilakwira" sadataye chikhulupiriro. Akulankhulabe ndi Mulunguyo, ndipo munthu sakalipira amene sakhulupirira kuti alipo ndipo akumva. Choncho mkulu wa mpingo asathamangire kumutseka pakamwa.

Yesu atafika ku Betaniya, Lazaro adali atagona m'manda masiku anayi. Marita ndi Mariya, aliyense payekha, adamuuza kuti akadafika msanga mlongo wawo sakadafa. Amenewa ndi mawu odandaula, ndipo Yesu sadawadzudzule. Popita kumanda adakhetsa misozi, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa mnzakeyo. Paulo naye polembera Akhristu a ku Tesalonika sadawaletse chisoni. Adangowauza kuti chisoni chawo chisafanane ndi cha anthu opanda chiyembekezo. Nanga mawu akuti "musalire, Mkhristu salira" tidawatenga kuti?

Apa ndikufuna ndilankhule ndi abambo anzanga. Tidakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Pamaliro timakhala panja pamoto, kukamba za mpira ndi mitengo ya feteleza, pamene mtima ukutukusira. Apolisi akhala akulengeza chaka ndi chaka za anthu odzipha, ndipo ambiri mwa iwo amakhala amuna, ena chifukwa cha ngongole, ena za m'banja. Mfumu Davide, msilikali amene adagwetsa Goliati, adalira mokweza mwana wake Abisalomu atafa, asilikali ake onse akumva. Bambo amene wataya mkazi, mwana kapena ntchito apeze mnzake womukhuthulira za kukhosi. Mtima ukalemera mpaka tulo kusowa ndi moyo kuoneka wopanda pake, kupita kuchipatala si kuchepa chikhulupiriro. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, omwe ndi a mpingo, ntchito yawo ndi yomweyi yosamalira anthu ovutika maganizo.

Chachiwiri, chikhulupiriro cha Chikhristu chimatiuza kuti Mulungu saonerera mavuto athu ali patali ngati bwana wa pa ofesi yam'mwamba. Pakati penipeni pa chipembedzo chathu pali mtanda, chida chimene Aroma ankaphera akapolo ndi oukira boma. Amene timamutcha Ambuye adathawira ku Ejipito ali khanda, adaperekedwa ndi mnzake wodya naye m'mbale imodzi, adaweruzidwa mopanda chilungamo, ndipo adafa amayi ake akuonerera. M'munda wa Getsemane adapempha kuti zowawazo zimupitirire, koma sizidamupitirire. Adapempha anzake atatu kuti achezere naye, iwo n'kugona tulo. Ali pamtanda adafunsa funso lomwe lija la pasiwa, la chifukwa chimene Atate adamusiyira, pogwiritsa ntchito mawu oyamba a Salimo 22.

Kwa munthu amene wagona pansi m'wodi kudikirira mwana wodwala, izi zili ndi tanthauzo. Amene akumupempherayo akudziwa kuwawa kwa pemphero limene yankho lake labwera mosiyana ndi pempho. Ndimaganiziranso za tsiku limene sitililalikira kwenikweni. Pakati pa Lachisanu Loyera ndi Lamulungu la Pasaka pali Loweruka, tsiku limene thupi lidali m'manda, ophunzira ali balala ndi mantha, palibe akudziwa chimene chichitike mawa. Anamfedwa ambiri akukhala m'Loweruka limeneli, ena kwa miyezi, ena kwa zaka. Ife tikafika timafuna kuwakokera ku Lamulungu ndi changu, kuti ayimbe aleluya maso akadali otupa. Mulungu mwini adalola Loweruka lija kuti lidutse lonse.

Chachitatu, chitonthozo cha Mulungu nthawi zambiri chimafika chitavala chitenje. Azakhali anga adataya mwana wawo woyamba, mnyamata amene adali atangomaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo banja lonse linkamudalira. Pamaliropo padalankhula anthu ambiri, makwaya adayimba usiku wonse, nkhata zidadzaza pamanda. Patapita zaka ndidawafunsa chomwe amakumbukira pa masiku aja. Za ulaliki adaiwala, ngakhale vesi limene lidawerengedwa. Adakumbuka mayi wina wa Mvano, nayenso wamasiye, amene kwa mwezi wathunthu ankabwera m'mamawa uliwonse, kusesa pabwalo, kutereka madzi osamba, kuphika phala, n'kukhala nawo pamphasa mpaka atamwa. "Mayi aja sankandiuza kanthu, mwana wanga," adatero azakhali, "koma ndikawaona akutulukira panjira apo ndinkadziwa kuti Mulungu sadandiiwale."

Amayi otere ali m'mudzi uliwonse: a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano mu mpingo wa CCAP, a Dorika kwa a Seventh-day Adventist, a Mothers' Union kwa a Anglican, a m'miphakati ndi m'mabungwe a amayi kwa Akatolika. Ndiwo amasambitsa mtembo, kutunga madzi, kuphika nsima ya anthu mazanamazana ndi kugona pansi pamodzi ndi woferedwa. Mayina awo salembedwa m'nyuzipepala. Dorika amene gulu lija lidatengera dzina adali mayi wa ku Yopa wosoka zovala za amphawi, ndipo atamwalira akazi amasiye adaonetsa Petro malaya amene adawasokera. Umboni wa chikhulupiriro chake udali zovala zimene anthu adavala pathupi.

Ngakhale buku la Yobu limathera pa zofanana ndi zomwe timachita kuno kwathu. Abale ake, alongo ake ndi onse omudziwa adabwera kunyumba kwake, adadya naye, adamupepesa, ndipo aliyense adamupatsa ndalama ndi mphete yagolide. Chimenecho ndi chipepeso. Munthu amene adataya zonse adayambanso kuima chifukwa cha mbale ya chakudya ndi kandalama ka abale.

Pomwe timalephera ndi pambuyo pa maliro. Adzukulu akatsuka makasu, matenti akaphwasulidwa, masamba akachotsedwa pamsewu, aliyense amabwerera ku zake. Pamenepo m'pamene chisoni chenicheni chimayamba, pamene mayi waphika n'kupeza kuti wapakula mbale imodzi yowonjezera, pamene fizi yafika wolipira palibe. Choipitsitsa, ena mwa amene ankayimba mokweza pasiwa ndi omwe amabwera ndi galimoto kudzanyamula mipando, malata ndi makiyi a nyumba. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 likuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Kalata ya Yakobo idanena kale kuti chipembedzo chimene Mulungu amachivomereza chimaoneka pa kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye pa mavuto awo. Mpingo umene umayendetsa mwambo wa maliro mwaulemu koma n'kukhala chete pamene mkazi wa malemuyo akuthamangitsidwa panyumba wasiya ntchito yake pakati.

Ndichenjezenso za ogulitsa chitonthozo. Masiku ano kwabwera aneneri amene amauza wovutika kuti vuto lake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo mankhwala ake ndi botolo la madzi kapena mafuta odzozedwa, pamtengo wakutiwakuti. Amenewa ndi anzake a Yobu amene atsegula wokala. Wodwala akachira ulemu umapita kwa mneneri, akamwalira mlandu umagwera womwalirayo kuti sadakhulupirire mokwanira. Kuyambira mu 2004 boma lakhala likupereka mankhwala a ma ARV mwaulere, ndipo anthu amene tidali titawakonzera kale mabokosi adadzuka n'kulera ana awo mpaka kukula. Munthu wouza mnzake kuti ataye mankhwalawo chifukwa wapemphereredwa akumukumbira manda. Chikhristu chimene chidamanga zipatala za Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni, Embangweni, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe sichidaonepo udani pakati pa pemphero ndi jakisoni. Paulo mwini adapempha katatu kuti chomubaya m'thupi mwake chichoke, ndipo sichidachoke. Palibe anganene kuti Paulo adali wochepa chikhulupiriro.

Palinso mawu ena amene tiyenera kusamala nawo, akuti "ndi chifuniro cha Mulungu." Pali mavuto amene chifukwa chake chili m'manja mwa anthu, ndipo pamenepo funso lakuti chifukwa chiyani liyenera kufunsidwa mokweza mpaka liyankhidwe. Dalaivala woledzera akapha anthu pamsewu, mankhwala akabedwa m'chipatala, mitengo ikatha m'mapiri n'kusiya nthaka yopanda choigwira, kumuveka Mulungu mlanduwo ndi kumunamizira. Chiyembekezo cha Chikhristu sichiuza munthu kupinda manja. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse, yodandaula za umphawi, kusowa kwa chilungamo ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Adaopsezedwa, koma mu Juni 1993 Amalawi adaponya voti ya riferendamu n'kusankha zipani zambiri. Anthu amene amakhulupirira kuti Mulungu adzakonza zonse ayenera kukhala oyamba kudzala mitengo m'phiri la Soche ndi kufunsa aboma kumene anthu a m'malo oopsa asamukire mvula ina isanabwere.

Ndikudziwa kuti pakati pa owerenga tsamba lino alipo amene anganene kuti zonsezi ndi umunthu chabe, sizifuna tchalitchi. Pali choona m'mawu amenewo. Pa nthawi ya Freddy, amene ankafukula matope ndi makasu ndi manja adali Akhristu, Asilamu ndi osapemphera omwe, ndipo palibe adafunsa mnzake za mpingo. Maliro n'kulirana, ndipo makolo athu adadziwa izi amishonale asanafike. Koma pali malo amene manja a mnansi safika. Pali usiku umene alendo onse agona, munthu watsala yekha ndi chithunzi cha mwana wake. Pali mayi amene mwana wake adapita ndi madzi ndipo alibe ngakhale chiliza choti akakhalepo. Mnansi angamupatse phala ndi bulangete, koma sangamulonjeze kuti adzamuonanso mwanayo.

Apa m'pamene Chikhristu chimanena chinthu chimene umunthu pawokha sunganene. Chimati manda a Yesu adapezeka opanda kanthu, ndipo chifukwa cha ichi imfa siidzakhala ndi mawu omaliza pa aliyense wa ife. Buku la Chivumbulutso limakamba za tsiku limene ngakhale nyanja idzabweza akufa amene ili nawo, ndi la Mulungu mwini akupukuta misozi m'maso mwa anthu ake. Kwa banja limene silidapeze thupi la m'bale wawo m'matope a ku Mulanje kapena m'madzi a Ruo, lonjezo limeneli likutanthauza kuti malo amene ife tidalephera kuwapeza, Mulungu akuwadziwa. Izi sizitsimikizika ndi masamu a pabolodi. N'zokhulupirira. Koma ndaona anthu akutsazika dziko lino ndi mtendere chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi, ndipo ndaona otsala akudzuka m'mawa n'kunyamula khasu chifukwa cha icho chomwe.

Pali kanthu kena kakang'ono kumapeto kwa buku la Yobu. Mulungu adamubwezera chuma chake kawiri: nkhosa 7,000 zidakhala 14,000, ngamira 3,000 zidakhala 6,000. Koma ana adabadwa khumi okha, monga poyamba, osati makumi awiri. Aphunzitsi akale a Baibulo ankati chifukwa chake n'chakuti khumi oyamba aja sadatayike ngati nkhosa, adali amoyo kwa Mulungu, kotero kuti Yobu adali nawodi ana makumi awiri. Ine ndimaonamonso phunziro lina, lakuti mwana salowa m'malo mwa mnzake. Tileke kuuza mayi woferedwa kuti "mukadali wamng'ono, mudzabereka wina." Amene wapitayo adali ndi dzina lake, kaseke kake ndi malo ake pamphasa.

Ndipo pali ena amene mavuto adawachotsa m'tchalitchi. Adapemphera, adasala kudya, mwana adapitabe, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo zimawatsamwitsa. Amenewa tisawatumizire kalata ya mwambo kapena kuwatchula obwerera m'mbuyo. Tomasi adakana kukhulupirira za kuuka kwa Yesu kwa sabata yathunthu, koma anzake sadamuthamangitse m'nyumba, ndipo Yesu adamupeza ali pakati pawo. Nthawi zina mpingo umayenera kukhulupirira m'malo mwa munthu amene mphamvu zamuthera, monga anthu anayi aja amene adanyamula mnzawo wofa ziwalo n'kumutsitsira padenga pamaso pa Yesu. Uthenga wa Marko umati Yesu adaona chikhulupiriro cha gulu lonselo.

Pempho langa kwa inu owerenga ndi losavuta. M'mudzi mwanu, mulayini mwanu kapena mumpingo mwanu muli nyumba imene munali maliro miyezi itatu kapena isanu yapitayo, ndipo panopa palibe akupondako. Sabata ino pitaniko. Tengani kapaketi ka shuga kapena sopo ngati mungathe, ngati simungathe pitani chimanjamanja. Tchulani dzina la malemuyo, musaliope, poti anamfedwa amaopa kwambiri kuti wokondedwa wawo waiwalika. Funsani ngati ana akupita kusukulu, ngati munda walimidwa, ngati pali amene akuvutitsa za katundu. Akafuna pemphero, pempherani mwachidule. Akalira, asiyeni alire. Akakufunsani kuti chifukwa chiyani Mulungu adalola zimenezi, musachite manyazi kukhala chete n'kuwagwira dzanja. Ndipo potsazika muwauze tsiku limene mubwerenso, tsikulo likafika mupitedi.